Penti Wapansi pa Galimoto: Epoxy Kapena Urethane?

Mwina muli ndi galimoto yonyamula katundu ndipo yayamba kuchita dzimbiri. Mwina mwana wanu akuphunzira ntchito yopenta m'galaja. Mukapita kusitolo kukagula penti wapansi, wogulitsa adzakufunsani kuti, "Mukufuna epoxy kapena urethane?" Kodi mudzayankha chiyani?

Penti amene timamuona akuŵala pa galimoto ndi wapamwamba chabe. Pansi pake pali penti wina wogwira chitsulo. Amisiri amamutcha pulayima. Ameneyu akalakwika, ndalama zanu zaloŵa m'madzi. Pakapita nthaŵi penti amatuluka matuza, ndipo mukaboola mumapeza dzimbiri.

Tiyambe ndi epoxy. Dzimbiri limabwera chitsulo chikakumana ndi madzi ndi mpweya. Epoxy amamatirira kwambiri pachitsulo, ndipo akauma salola chinyezi kuloŵa. Nchifukwa chake ali woyenera pamene mwapala penti yense mpaka chitsulo kuoneka, kapena pamene mwawotcherera chigamba. Koma ali ndi vuto lake. Amachedwa kuuma, ndipo kumusalaza nkovuta chifukwa amakanirira pa sandipepa.

Urethane ndi wosiyana. Iye ndi wokhuthala. Amadzaza timizere ndi timaenje tating'ono. Amauma m'maola ochepa, ndipo mukamamupala amatuluka fumbi losalala ngati ufa woyera. Amisiri ambiri amamukonda chifukwa ntchito imatha msanga. Koma kuteteza chitsulo ku dzimbiri sangafanane ndi epoxy. Wina angakuuzeni kuti, "Zonse ndi pulayima, bwana, palibe kusiyana." Musavomere. Dzimbiri lidzatulukira galimoto ili kale m'manja mwanu, iye atadya kale ndalamazo.

Tsono musankhe uti? Yang'anani galimoto yanuyo. Ngati penti wakale akadali wolimba, ndipo mukungofuna kubisa mikwingwirima, urethane yekha akwanira. Ngati chitsulo chili poyera, yambani ndi epoxy. Ntchito yabwino koposa imafuna onse aŵiri: epoxy pansi, urethane pamwamba pake, kenaka penti wa mtundu umene mukufuna. Ndalama zikachepa, ine ndingagule epoxy. Galimoto yosasalala kwenikweni imayendabe, koma yodyedwa ndi dzimbiri imabooka.

Dziŵaninso izi. Epoxy sapha dzimbiri limene lilipo kale. Lichotseni lonse ndi sandipepa wokhakhala, monga wa nambala 80. Pukutani mafuta ndi fumbi, ndipo pentani tsiku lomwelo. Chitsulo chopalidwa chikagona usiku nthaŵi ya dzinja, m'maŵa chimakhala chitayamba kale kufiira. Urethane akauma, musalazeni ndi sandipepa wosalala, wa nambala 400 mpaka 600. Nambala ikakula, sandipepa amakhala wosalala.

Mapenti aŵiriŵa amabwera m'zitini ziŵiriziŵiri. Chitini china ndi cha penti, china ndi cha mankhwala oumitsa, ndipo palembedwa kuti hardener. Apa ndi pamene kuŵerenga kumathandiza. Mukaona 4:1, ndiye kuti makapu 4 a penti ndi kapu 1 ya mankhwala oumitsa. Mukaona 1:1, thirani mofanana. Musayese ndi maso, ndipo musasakanize mankhwala a kampani ina ndi penti wa kampani ina. Pachitini palembedwanso nthaŵi yodikira musanapake penti wina pamwamba. Nthaŵiyo ikapitirira, epoxy amalimba kwambiri, ndipo muyenera kumukwecha pang'ono kuti penti winayo agwire. Sakanizani wokwanira ntchito ya nthaŵi yomweyo. Wotsala amaumira m'chitini, ngakhale mutseke bwanji.

Pomaliza, za thupi lanu. M'mankhwala oumitsa urethane muli poizoni wotchedwa isocyanate. Mukamapopera, poizoniyo amayandama mumpweya osaoneka ndi maso. Amaononga mapapo ndipo amayambitsa mphumu. Munthu akadwala mphumu imeneyi, ngakhale mpweya wochepa wa pentiyo umamubanikitsa, ndipo ena amasiya ntchito. Kansalu komanga pamphuno sikathandiza. Chophimba chotchinga fumbi sichithandizanso. Choteteza bwino ndi chophimba nkhope chimene chimalandira mpweya wabwino kudzera m'paipi. Epoxy nayenso amayabwa ndi kutulutsa nsungu pakhungu, choncho valani magolovesi. Ana ndi anthu ongoonerera akhale kutali, ndipo musapopere pafupi ndi moto kapena munthu wosuta fodya.