Kodi mumadziwa? Banga lililonse pa yunifolomu lili ndi mankhwala ake

Mwana akatuluka kamfuno magazi n'kudonthera pa malaya, musathamangire madzi otentha. Magazi ali ndi mapuloteni omwe amauma akamva kutentha, monga limachitira dzira m'poto, ndipo akatero amakanirira mu ulusi. Viikani malayawo m'madzi ozizira, kenako pakani sopo. Simbi nayonso imakhazikitsa banga, choncho osasita malaya banga lisanachoke.

Inki ya bolopeni siimva madzi, koma imasungunuka ndi sipiriti. Yalani kansalu pansi pa thumba lothimbiriralo, donthezani sipiriti, n'kumadinda ndi thonje. Mukatikita, inkiyo imangofalikira.

Nanga Jik? Ambiri timamukhulupirira mopyola muyeso. Pa dzimbiri, lija limachokera pa waya woyanikira kapena pa pini, Jik amangolidetsa kwambiri. Chofunika ndi madzi a mandimu ndi mchere, n'kuyanika padzuwa. Jik akachuluka amasandutsanso malaya oyera a poliyesitala kukhala achikasu, ndipo chikasu chimenecho n'chovuta kuchibweza. Osamusakaniza ndi viniga kapena mandimu: pamatuluka mpweya wa klorini woononga mapapo.

Matope a katondo ndi ofiira chifukwa dothilo lili ndi dzimbiri la ayironi. Asiyeni aume kaye, muwakutumule, ndiye muchape.

Litsiro la m'kolala makamaka ndi thukuta losakanikirana ndi mafuta odzola, ndiye sopo wotsukira mbale amalichotsa bwino mukamusiya mphindi 15 musanatikite.