Mwana Ali ku America, Bwanji Satumiza Kanthu?

Tsiku lina madzulo, titaweruka ku msonkhano wa amayi, mayi wina wachikulire anandikokera pambali. M'manja mwake munali kalata yopinda kanayi, yothimbirira chifukwa cha kugwidwagwidwa.

"Mayi," anatero, "inu mumamva Chingerezi, tandiwerengerani kalatayi. Mwana wanga wamkazi anapita ku America pa sikolashipu. Mudzi wonse unamperekeza ndi nthungululu. Lero chaka chatha, koma chimene watumiza ndi kandalama ka sopo basi. Alongo ake akuti watitaya. Apongozi ake akuti wayamba kunyada. Kodi ndalama za sikolashipuzo akudya ndi yani?"

Ndinaiwerenga kalatayo kawiri, ndipo ndinamumvera chisoni mwanayo. Mawu akuti sikolashipu analimo ndithu, koma pamwamba pake panali mawu ena akuti graduate assistantship, amene kumudzi palibe anawalabadira. Popeza dandaulo la mayiyu ndalimva m'makomo ambiri, m'tauni ndi m'midzi momwe, ndaganiza kuti sabata ino tikambirane zimene zimalembedwa m'makalata otere.

Amayi anzanga, graduate assistantship ndi ntchito. Imapatsidwa kwa munthu amene anatsiriza kale digiri yoyamba ndipo akuphunzira yachiwiri, ya masitazi, kapena yachitatu, ya udokotala wa maphunziro. Yunivesite imapangana naye motere: iwe utigwirire ntchito, ife tikuchotsera fizi, ndipo mwezi ukatha tizikupatsa kandalama kodyera ndi kulipira nyumba. Ena amathandiza kuphunzitsa ana a digiri yoyamba ndi kuchonga mayeso awo. Ena amathandiza pulofesa pa kafukufuku wake, kaya m'chipinda choyesera mankhwala, kaya kumunda, kaya pa kompyuta. Enanso amakhala mu ofesi kapena m'nyumba ya mabuku. Kawirikawiri ntchitoyi ndi ya maola 20 pa sabata, ndiye kuti theka la ntchito ya munthu wolembedwa tsiku lonse. Maola otsalawo ndiwo a kalasi, kuwerenga, kulemba, kuphika, kuchapa ndi kugona.

Tsono mverani pamene pagona chisokonezo. Ndalama ija yaikulu imene imalembedwa m'kalata, imene amalume akaisintha m'makwacha amagwira pakamwa, mwana wanu saigwira m'manja. Imeneyo ndi fizi. Yunivesite imangoifafaniza m'buku lake la ngongole, monga mmene wagolosale angafafanizire dzina lanu m'kope. Palinso thandizo lina lotchedwa tuition scholarship, limene limalipira fizi yokhayo; nyumba, chakudya, mabuku ndi chovala cha m'chisanu mwiniwake aone chochita. Thandizo lopereka ndalama popanda ntchito, lotchedwa fellowship, liliko, koma olipeza ndi owerengeka.

Ngakhale kufafaniza kwa fiziko sikufanana. Mayunivesite a boma ku America ali ndi mitengo iwiri, wotsika wa ana a m'chigawo momwemo ndi wokwera wa obwera, ndipo alipo ena amene amangomtsitsira mlendo pa mtengo wa eni mudzi, wotsalawo alipire yekha. Kupatula fizi yeniyeni palinso timisonkho tina ta teremu ndi teremu, ta chipatala, ta masewera, ta basi, ta makompyuta, ndi inshuwalansi ya matenda imene wophunzira wochokera kunja amakakamizidwa kukhala nayo pafupifupi paliponse. Mayunivesite ena amathandizako pa zimenezi, ena ayi.

M'kalata ya mayi uja munalinso mzere wina waung'ono umene unandiuza zambiri: malipiro anali a miyezi 9 yokha. Chaka cha sukulu kumeneko chimayamba cha m'ma August ndi kutha mu May. M'miyezi ya tchuthi chachikulu mwini nyumba amafunabe lendi yake, ndipo mimba siidziwa tchuthi. Mayi aliyense amene anasungapo chimanga kuti chifike mu February awerengera msanga: pa madola 100 alionse olandira, 25 ayenera kubisidwa kuti adzadyedwe m'miyezi itatu ija. Pa otsalawo boma limadulanso msonkho, pakuti malipiro a assistantship amawerengedwa ngati malipiro ena onse. Fizi yofafanizidwa ija ndiyo sailipiritsa msonkho kwa ophunzitsa ndi ofufuza. M'chaka cha 2017 aphungu a nyumba imodzi ya malamulo ya dzikolo anafuna kuti nayonso idzidulidwa msonkho. Ophunzira anachita zionetsero m'mayunivesite ambiri ndipo mfundoyo inachotsedwa.

Musaganize kuti odandaula ndi alendo okha. Mu November 2022 antchito a maphunziro pafupifupi 48,000 a University of California, ambiri a iwo ophunzira othandiza kuphunzitsa ndi kufufuza, ananyanyala ntchito kufikira mu December, ndipo nkhani yaikulu inali yakuti malipiro sankakwanira lendi. Ambiri mwa amenewo ndi eni dziko, amene makolo awo ali pafupi. Nanga mwana wa kwathu amene ali yekha ngati chala?

Mwina wina anena kuti, "Bwanji osagwirako ganyu madzulo? Ana a anzathu ku Johannesburg amagwira ntchito ziwiri." Apa mpamene ndifuna kuti tidekhe, chifukwa mawu amenewa, olankhulidwa pa foni ndi mayi wokondedwa, angathe kumgwetsa mwana m'dzenje. Ophunzira ambiri ochokera kunja amalowa ku America ndi chiphaso chotchedwa F-1. Lamulo la chiphasochi limalola ntchito ya pa yunivesite pomwepo, maola osapitirira 20 pa sabata pamene sukulu ili mkati. Assistantship yokha ija yawatha kale maola onsewo. Kukagwira ntchito kunja popanda chilolezo, kaya kutsuka mbale m'nyumba yodyera, kaya kulera ana a eni, kaya kuluka tsitsi molipiritsa, ndi kuswa lamulo. Wogwidwa amataya chilolezo chake chokhala m'dzikomo, ndipo sukulu imathera pomwepo. Pa tchuthi pokha ndi pamene amaloledwa kugwira maola onse, komabe pa yunivesite pomwepo, ngati ntchitoyo ilipo.

Malamulo ena ndi a m'kalasi. Wolandira thandizoli ayenera kukhala wophunzira wa nthawi yonse, ndipo m'mayunivesite ambiri zimenezi zitanthauza maphunziro atatu pa teremu, ngakhale kuti ena amachepetsako kwa ogwira ntchito. Sangasiye phunziro limodzi mwa kufuna kwake chifukwa lamkulira. Ayeneranso kusunga magiredi. Kumeneko A amawerengedwa 4, B ndi 3, C ndi 2, ndipo pophatikiza ndi kugawa, wophunzira wa masitazi kapena udokotala kawirikawiri sayenera kutsika pa 3.0. Kunena kwina, C amene kuno tingamphere nkhuku, kumeneko ndi ngongole yofunika A kuti aibweze. Wotsika amachenjezedwa, kawirikawiri kwa teremu imodzi. Akalephera kukwera, ntchito imatha ndipo fizi yonse imamgwera pamutu. Amene akaphunzitsa ana a eni amayesedwanso kalankhulidwe ka Chingerezi, ngakhale anakhoza kale mayeso a TOEFL kapena IELTS. Mwana amene anali woyamba pa Chingerezi kusukulu ya kwathu amadabwa kuuzidwa kuti ana sakumumva.

Tiyeneranso kudziwa kuti pangano lotere silikhala la zaka zonse za maphunziro pokhapokha zitalembedwa. Ambiri amapatsidwa la chaka chimodzi, ena la teremu imodzi, ndipo limaonjezedwa ngati ntchito yayenda bwino ndiponso ngati ndalama zilipo. Wothandiza pa kafukufuku moyo wake uli m'thumba la pulofesa: thandizo la kafukufukuyo likauma, naye wauma. Nchifukwa chake lonjezo la pakamwa lakuti "tidzaona chaka chamawa" siliyenera kugulitsitsa ng'ombe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Tsono tifike pa nkhani imene imatiwawa ife makamaka, ya maliro ndi matenda kumudzi. Kwathu mwana wosabwera pa maliro a bambo wake amanenedwa mpaka kalekale. Koma taonani lamulo la University of Illinois: kuti fizi ya teremu ifafanizidwe, wophunzira ayenera kukhala pa ntchito yake masiku osachepera 91 a teremuyo. Wosiya ntchito asanakwanitse masikuwo, koma n'kupitiriza kuphunzira, amalipiritsidwa fizi. Mayunivesite ena ali ndi malamulo ofanana nalo, ngakhale masiku amasiyana. Kupempha sabata imodzi kapena ziwiri n'kotheka, ndipo aphunzitsi ambiri ndi anthu achifundo. Koma kukhala kumudzi mwezi wathunthu kudikira kumeta, monga ena amafunira, kungathe kuwononga zonse. Pamwamba pa izi pali mtengo wa ndege.

Vutoli linakula mu December 2025, pamene boma la America linalengeza kuti kuyambira pa 1 January 2026 laimitsa kulowa kwa nzika za maiko angapo pa ziphaso za alendo ndi za ophunzira, ndipo Malawi, Zambia ndi Zimbabwe anali pa mndandandawo. Chilengezocho sichinakhudze amene anali kale m'dzikomo kapena amene anali ndi chiphaso chamoyo pa tsikulo. Koma mwana amene chiphaso chake chatha, asanakwere ndege yobwera kuno, ayenera kufunsa ku ofesi ya ophunzira akunja ya pa yunivesite yake ngati adzatha kubwerera. Ndipo amene akukonzekera kumene ulendo ayambe wafunsa ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe asanalipire kanthu kalikonse kwa munthu aliyense. Safunsa anadya phula.

Kwa inu akazi achitsikana amene amuna anu ali pa maphunziro otere ndipo mukulakalaka kuwatsatira, mawu anga ndi awa. Mkazi kapena mwamuna wa wophunzira wa F-1 amapatsidwa chiphaso cha F-2, ndipo mwini chiphasochi saloledwa kugwira ntchito ya malipiro ngakhale ola limodzi. Namwino, mphunzitsi, mayi wa geni amene kuno anali kudyetsa banja, kumeneko amakhala m'nyumba kuyang'ana chipale pawindo. Angaphunzire pang'ono, koma osati nthawi yonse. Ana osakwatira ochepera zaka 21 angatsagane nawo, ndipo amaloledwa kulowa sukulu za pulaimale ndi sekondale. Yunivesite isanapereke chikalata chotchedwa I-20 cha banjalo, imafuna umboni wakuti pali ndalama zosamalira mutu uliwonse woonjezera. Pa chiphaso china cha J-1, chimene amapatsidwa a maphunziro a Fulbright ndi ena, mkazi angapemphe chilolezo cha ntchito. Koma wothandizidwa ndi ndalama za boma ayenera kubwerera kwawo zaka ziwiri akatsiriza. Ine sindinena kuti musapite, pakuti banja lotalikirana zaka zinayi kapena zisanu lili ndi mayesero ake amene tonse tikuwadziwa. Ndingoti khalani pansi awirinu ndi pensulo musanagulitse katundu wa m'nyumba.

Nanga wophunzira wamkazi akaima? Lamulo la m'chaka cha 1972, lotchedwa Title IX, limaletsa sukulu zolandira ndalama za boma kusala mkazi chifukwa cha pakati. Komabe tchuthi cholipidwa cha uchembere chimasiyana pa yunivesite iliyonse, ndipo ndi nzeru kufunsa msanga, mimba isanaoneke. Ngati pali matenda, wophunzira wa F-1 angaloledwe kuchepetsa maphunziro kufikira miyezi 12, pokhapokha pali kalata ya dokotala ndi chilolezo cha ofesi ya ophunzira akunja chotengedwa asanasiye kalasi. Kumeneko kulibe agogo, kulibe azakhali, kulibe mtsikana wa kumudzi wodzagwirizira mwana, ndipo kolerera ana nkokwera mtengo kwambiri.

Chinthu chimodzi chokha m'malamulo onsewa chimam'komera wophunzira, ndipo ambiri sachidziwa. Mayunivesite mazana angapo a m'bungwe la Council of Graduate Schools anapangana kuti munthu wopatsidwa thandizo la chaka chotsatira asakakamizidwe kuyankha tsiku la 15 April lisanafike. Chotero kalata ikafika mu February, palibe chifukwa chovomerera usiku womwewo. Pali nthawi yodikira makalata ena, yofunsa ngati malipiro ndi a miyezi 9 kapena 12, ngati fizi yafafanizidwa yonse, ngati inshuwalansi ikhudza ana, ndiponso kuti malipiro oyamba adzatuluka liti, pakuti kawirikawiri munthu amakhala masabata angapo akudya za m'thumba mwake asanalandire. Koma tsikulo likadutsa atavomera kale, ndiye kuti wamanga pangano.

Zonsezi ndinamfotokozera mayi uja tili chikhalire pa khonde la sukulu, kufikira dzuwa linapendeka. Anakhala chete nthawi yaitali, akusalaza kalata ija pabondo pake. Kenaka anandifunsa ngati ya sopo ija, ndiye kuti mwanayo anaichotsa pa chakudya chake. Ndinati ndi mmene ndikuonera. Anandiuza kuti malata amene anauza kale mmisiri kuti adzakhome chaka chino ayamba adikira, ndipo kuti alongo ake a mwanayo akawauza yekha. Tisanasiyane anafunsanso nthawi yabwino yoimbira foni, chifukwa masiku onse ankaimba m'mawa popita kumunda ndipo mwanayo ankayankha mwaulesi. Ndinamuuza kuti kuno kukamacha, ku New York anthu ali pakati pa usiku, popeza ife tili patsogolo ndi maola 6 kapena 7 malinga ndi nyengo. Anati aziimba Lamulungu madzulo.