Mawu a Chingerezi sayenda okha

Mayeso a Fomu 4 akamayandikira, timapepala timachuluka m'matumba a yunifolomu. Pa timapepalapo pamakhala mndandanda wa mawu a Chingerezi ndi matanthauzo ake, ndipo ana amaloweza popita kusukulu, podikira nsima, ngakhale usiku pa kuwala kwa tochi. Mantha awo ndi omveka, pakuti wolephera Chingerezi satifiketi saiona, ngakhale atakhoza masamu ndi sayansi mochititsa kaso. Koma aphunzitsi amene amachonga zimangirizo za anawa amadandaula za chinthu china. Mawu ana amawadziwa ndithu. Chimawagwetsa n'kusadziwa kuti mawu akutiakuti amayenda ndi ati, ndipo amakana ati.

Pa sukulu ina yoyendera kunja kwa mzinda wa Zomba pali mphunzitsi wamkazi, wamsinkhu ndithu, amene nkhaniyi anaitenga ngati nkhondo yake. Salowa m'kalasi wopanda kope lake lakale la chikuto cholimba, lomatidwa ndi selotepu kumsana. M'kopemo amakoperamo ziganizo zolakwika zimene amapeza pochonga, popanda kulemba dzina la mwana aliyense. Masamba oyambirira anachita kufiira ndi ukalamba, koma zolakwa zili pamenepo n'zomwezo zimene akuzipezabe lero.

Tsiku limene tinakhala nawo m'kalasi, anayamba ndi kulemba mawu awiri pabolodi, "talk" ndi "discuss". Atafunsa matanthauzo, manja anakwera kalasi yonse. Kenako anauza ana awiri kuti apange ziganizo zokhudza mpira. Woyamba analemba "We talked about the match." Wachiwiri analemba "We discussed about the match." Mayiyo anafunsa ngati pali cholakwika. M'kalasi munangoti zii, kenako ana ambiri anagwirizana kuti ziganizo zonse zili bwino. Iye sanakalipe. Anangoyenda pang'onopang'ono kupita pabolodi n'kufufuta "about" wa m'chiganizo chachiwiri ndi chikhatho chake, fumbi la choko likugwera pansapato. Anafotokoza kuti aneni awiriwa ndi apachibale pa tanthauzo, koma makhalidwe awo ndi osiyana: wina safika pa nkhani yake popanda mperekezi, mnzakeyo amangofika yekha.

Atatero anatsegula kope lija n'kumatulutsa mawu awiriawiri. Munthu amati "listen to the radio", koma "hear the radio". Amati "enjoy reading", koma "want to read". Cholakwa chimayenda ndi "make", pomwe ntchito ya kunyumba imayenda ndi "do". Mvula yambiri ndi "heavy rain", mphepo yamphamvu ndi "strong wind", ndipo ukasinthanitsa afotokozi awiriwa Mngerezi amamva ndithu, koma khutu lake limakana.

Kalasi inatentha pamene anaitana anyamata awiri kutsogolo n'kuwapatsa chimanga chootcha chimene anagula pachipata. Woyamba anamuuza kuti azidya, kenako aleke n'kuika chimangacho patebulo. Pabolodi analemba "He stopped eating." Wachiwiri anamuuza kuti ayende kuchokera kukhomo, aime pakati pa kalasi, ayambe kukukuta. Apo analemba "He stopped to eat." Mnyamatayo anapitirira kudya ngakhale chitsanzo chitatha, ana n'kufa nazo nseko. Komabe phunziro linalowa. Mneni ndi mmodzi yemweyo, koma wina wasiya kudya, wina waima kuti adye, ndipo chasiyanitsa ndi kaimidwe ka mawu otsatira.

Maphunzitsidwe otere ali ndi maziko ake. M'zaka za m'ma 1980, ofufuza a ku Birmingham ku England anasonkhanitsa pa kompyuta mawu mamiliyoni ochokera m'mabuku, m'nyuzipepala ndi m'macheza a anthu, n'cholinga choona mmene Chingerezi chimagwirira ntchito m'kamwa mwa eni ake. Anapeza kuti mawu ambiri ali ndi anzawo amene amabwera nawo mobwerezabwereza, ndipo tanthauzo limasintha anzawowo akasintha. Dikishonale yochokera pa ntchito imeneyi inatuluka mu 1987.

Chakumapeto kwa phunziro, mtsikana wina wa kumbuyo anaimika dzanja. Anafuna kudziwa chifukwa chake "discuss about" ali wolakwa, pomwe amamumva pawailesi, kutchalitchi ndi pamisonkhano, kuchokera kwa akuluakulu ophunzira kuposa aliyense m'kalasimo. Funso limeneli linatuluka m'kalasi n'kukafika mu ofesi ya aphunzitsi, kumene mkangano wake unatha nthawi yonse yopuma.

Mphunzitsi wina wachikulire, wotsala pang'ono kupuma pantchito, sanafune zozungulira. Kwa iye cholakwa ndi cholakwa ngakhale chitanenedwa ndi anthu chikwi. Anakumbutsa anzake kuti wochonga mayeso sadzafunsa zimene mwana anamva pawailesi, ndipo wowerenga kalata yofunsira ntchito akhoza kuiika pambali atangoona "borrow me" kapena "cope up with". Mwana wa kumudzi alibe wachibale woti akamulankhulire kuofesi, chida chake ndi cholembera basi. Kumuuza kuti Chingerezi chilichonse n'chabwino, malinga ndi bamboyu, n'kumunamiza mwana amene akufunika choonadi kuposa onse.

Mnzake wachinyamata anaona mosiyana. Anati "discuss about" sanabadwire ku Zomba. Amamveka ku Lagos, ku Nairobi, ku Delhi ndi ku Singapore, kumene kulibe amene amati "kukambirana za" monga timanenera m'Chichewa. Choncho kunena kuti ndi Chichewa chokha chimene chimasokoneza ana n'kulakwira Chichewa. Chingerezi chenichenicho ndicho chimatchera msampha, chifukwa dzina lochokera ku mneniyo limalola mperekezi. Anthu amati "a discussion about", "a request for", "an emphasis on", ndiye munthu akafika pa mneni amanyamula mperekezi yemweyo n'kunena "request for" kapena "emphasise on". Anthu mamiliyoni a m'mayiko otalikirana akafika pa njira imodzi osapangana, iye anati, chimenecho chasanduka kalankhulidwe. Anaonjezera kuti "isn't it" amene ife timamuika kumapeto kwa funso lililonse ali ndi m'bale wake m'misewu ya London, "innit", amene achinyamata a kumeneko amamugwiritsa ntchito mofananamo.

Onse awiri ali ndi mfundo, koma mayi wa kope lija anali atayankha kale mwa zochita. Kwa mtsikana uja sananene kuti akuluakuluwo ndi mbuli. Anamuuza kuti funso lake ndi lanzeru, anamuonetsa kumene mperekeziyo amachokera, kenako anamuuza mosabisa kuti pamayeso ndi m'kalata ya ntchito amuchotse. Njira imeneyi ndi imene ikusowa m'makalasi ambiri. Mwana amene wangoona inki yofiira amaphunzira mantha, ndipo mawa amasiya kulemba ziganizo zazitali. Amene wauzidwa chifukwa chake amatha kudzikonza yekha ngakhale pa mawu amene mphunzitsi sanawatchule. Kulekerera cholakwa poopa kukhumudwitsa mwana nakonso sikumuthandiza, pakuti amene adzamuweruze kutsogolo sadzakhala ndi chisoni chimenecho.

Chovuta n'chakuti kaimidwe ka mawu sikalowa poloweza mndandanda. Kamalowa mwa kuwerenga kwambiri, mpaka khutu lizolowere kuti apa pamveka bwino, apa pagwegwera. Pa sukulu imene tinayenderayi, buku limodzi amagwirira ana angapo, ndipo ochepa okha ndi amene kunyumba kwawo kumafika nyuzipepala. N'chifukwa chake mayiyu amalamula kuti mwana akapeza mawu atsopano asawalembe okha m'kope, koma akopere chiganizo chonse chimene wawapezamo.

Chichewa chathu nachonso chili ndi makhalidwe omwewa, kungoti sitiwaona poti tinayamwira. Timamwa mankhwala ngakhale akhale mapiritsi ouma gwa, timamva fungo, timaimba foni, ndalama za anthu timati wina wadya. Alendo amene amabwera kudzagwira ntchito m'zipatala za kumidzi amaphunzira moni sabata yoyamba, koma zimawatengera nthawi kuti azolowere zoti wodwala akafunsidwa kuti "Simunadye?" n'kuyankha kuti "Eya", ndiye kuti m'mimba mulibe kanthu. Ana athu amatengera yankho lomweli m'Chingerezi, n'kunena "yes" pamene Mngerezi akuyembekezera "no", ndipo pamzere wa kuchipatala si kamodzi pamene dokotala ndi wodwala amagwedezerana mitu aliyense atamva zake.