DU CHISIZA: MNYAMATA AMENE ANASANDUTSA SEWERO KUKHALA NTCHITO

 Kholo lililonse limafuna kuti mwana wake adzapeze ntchito yooneka ndi maso. Nanga mwana akati, "Ine ndifuna kudzakhala wa zisudzo," mudzamuyankha chiyani? Musanayankhe, tamverani mbiri ya Dunduzu Chisiza wamng'ono, amene anthu ankamutcha Du.

Du anabadwa pa 26 March 1963. Bambo wake, a Dunduzu Chisiza, mmodzi wa atsogoleri omenyera ufulu wa dziko lino, anamwalira pa ngozi ya galimoto mu September 1962, mwanayo asanabadwe. Motero Du anakula wosaona nkhope ya atate ake.

Luso lake linayamba kuoneka ali pa sukulu ya sekondale ya HHI mu mzinda wa Blantyre. M'chaka cha 1982 analemba seŵero lotchedwa The Deceased's Attack, ndipo linapambana pa mpikisano wa zisudzo wa sukulu za m'dziko muno. Pambuyo pake anapita ku America, kumene anakaphunzira za zisudzo mu mzinda wa Philadelphia. M'dziko limenelo ochita zisudzo pa kanema ndi pa wailesi ya kanema amalandira malipiro monga antchito ena onse, ndipo ali ndi mabungwe oteteza ufulu wawo.

Du sanakhalire komweko. Anabwerera kwawo, ndipo mu 1987 anakhazikitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre, loyamba m'Malaŵi muno la anthu odalira zisudzo pa moyo wawo. Pofuna kuti zimenezi zitheke, pankafunika kulemba maseŵero atsopano kaŵirikaŵiri, kuyeserera masiku ambiri, kulipira holo ndi galimoto, ndi kukopa anthu kuti alipire pakhomo. Khomo likalephera, malipiro nawo ankasoŵa.

Panalinso vuto lina. Chiyambire 1968, lamulo linkafuna kuti seŵero lililonse livomerezedwe ndi bungwe la boma lisanaonetsedwe. Choncho Du ankaphimba mau ake ndi mafanizo, monga anachitira mu Papa's Empire, ndipo oonerera ankatola okha tanthauzo lake. Analembanso Educating Mwalimu ndi Democracy Boulevard, ndipo maseŵero ake onse anapitirira 20.

Mu 1993, chaka cha referendamu, Du anavomera kukhala nduna yoona za achinyamata, maseŵera ndi chikhalidwe m'boma la Dr. Kamuzu Banda. Ambiri amene ankamukonda anadabwa, poti ankamudziŵa ngati wodzudzula ulamuliro womwewo. Atachoka pa udindowo anabwerera ku zisudzo. Anamwalira pa 24 February 1999 ali ndi zaka 35, patangotsala milungu yochepa kuti wailesi ya kanema ya dziko lino itsegulidwe. Gertrude Kamkwatira, mmodzi wa amene anagwira naye ntchito, ndiye anapitiriza kutsogolera gululo.

Tsono makolo, wotchola tiyi amadziŵa kuti dengu silidzaza lokha. Limafuna kulaŵirira ndi manja ozoloŵera. Zisudzo nazo n'chimodzimodzi. Mwana wanu akaonetsa luso limeneli, musamuthamangitse. Muuzeni alimbikire sukulu monga anachitira Du, pakuti wolemba seŵero ayenera kuyamba wadziŵa kuŵerenga ndi kulemba bwino.