Mwera, dzinja ndi mwana amene ankakana kuwerenga

Chaka chatha mlongo wanga anandibweretsera mwana wake wa zaka 7 kuti akhale nane pa holide ya mu Julayi. Anali atamaliza Sitandade 1, koma ukamuonetsa mawu akuti "mwana" ankangoyang'ana pansi. Zilembo ankazidziwa chimodzichimodzi. Kuziphatikiza ndiye kunali kovuta, ndipo akaona buku ankati mutu ukumupweteka. Ine mphunzitsi wa fizikisi, wozolowera ana a Fomu 3 ndi 4, ndinaona kuti apa mpovuta kuposa ma equation.

Ndinayamba ndi buku la zithunzi limene ndinagula pa kaunjika. Linali lokongola, koma nkhani zake zinali za chipale chofewa ndi masamba ofiira akugwa m'mitengo. Mwana wobadwira ku Mangochi, amene sanavalepo nsapato chifukwa cha kuzizira, zimenezo zimukhudza bwanji? Tinalisiya tsiku lachiwiri.

Nthawiyo mwera unali ukuwomba. M'mawa wina tili pakhonde, iye atafunda chitenje, ndinangopeka mizere iwiri:

Mwera, mwera, wawomba m'mawa,
Mwana wafunda, bwato lagona.

Anaseka. "Amalume, bwato siligona, amalikokera kumtunda." Ndinati chabwino, koma tiyimbe kaye. Tinayimba tikuwomba m'manja pa phatikizo lililonse: mwe-ra, mwa-na, bwa-to. Kenaka ndinalemba mizereyo pamchenga ndi kamtengo n'kumuuza kuti apeze paliponse pamene pali "mw". Anapeza malo atatu. Aka kanali koyamba kumuona akusaka zilembo yekha, osakakamizidwa.

Chichewa chili ndi mwayi umene Chingerezi chilibe. Pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa a, e, i, o kapena u, ndipo chimene walemba ndi chimene umatchula. Pulogalamu ya National Reading Programme, imene Unduna wa Zamaphunziro unayamba mu 2016, imaphunzitsa ana kumva maliwu, kuwalumikiza ndi zilembo, kenaka kupanga maphatikizo. Ndakatulo imathandiza pomwepa, chifukwa imabwereza liwu limodzi pa nthawi yofanana, monga pendulum imene timayesa mu labu. Khutu limayamba kuyembekezera liwulo lisanafike, diso n'kumalifuna papepala. Kuno kwathu palinso china: ana ambiri kunyumba amayankhula Chiyao, ndiye Chichewa cha m'buku chimakhala chachilendo pang'ono. Mwera ndi nyanja si zachilendo kwa iwo.

Titafika pa "dz" ndinapekanso: Dzinja ladza, dzuwa labisala, dzungu layanga. Apa ndi pamene anandifunsa funso limene linandibwezera ku ntchito yanga. "Amalume, nanga panopa dzuwa likuwala bwinobwino, bwanji kukuzizira?"

Funso limeneli ndinalifunsa ana anga a Fomu 3 sukulu itatsegulidwa. Ambiri anayankha kuti mu Juni dziko limakhala kutali ndi dzuwa. N'zoona kuti kumayambiriro kwa Julayi timakhala pa mtunda wa makilomita pafupifupi 152 miliyoni, pamene kumayambiriro kwa Januwale ndi 147 miliyoni. Koma taganizani: mu Julayi momwemo anthu a ku London amakhala ali m'nyengo yotentha. Dziko ndi limodzi, mtunda ndi umodzimodzi. Ndiye yankho silingakhale limenelo.

Chimene chimabweretsa nyengo n'chakuti dziko lathu ndi lopendekeka ndi madigiri pafupifupi 23.5 pamene likuzungulira dzuwa. Mangochi ili pa madigiri pafupifupi 14.5 kummwera kwa equator. Chakumapeto kwa Juni, masana enieni, dzuwa limakhala chakumpoto, madigiri 52 okha kuchokera pansi. Kuwala kwake kumafika mopendekera ndipo kumamwazikana pa malo aakulu, monga tochi ukayiunikira chammbali pakhoma. Mphamvu imene imagwera pa mita imodzi ya nthaka imachepa. Kumayambiriro kwa Novembala dzuwa limadutsa pamutu penipeni, ndipo limateronso mu Febuluwale.

Mutha kuyesa nokha. Imikani ndodo ya mita imodzi pabwalo losalala, iwongoke bwino. Masana a kumapeto kwa Juni mthunzi wake umaloza kummwera ndipo umatalika masentimita pafupifupi 78. Kumayambiriro kwa Novembala umangotsala pang'ono kusoweratu. Ine ndi mwana uja tinayeza ndi chingwe, iye n'kulemba pamchenga mawu akuti "mthunzi", amene ndi ovuta ndithu kwa mwana wa Sitandade 1. Anaiwala "h" koma sindinamudzudzule.

Mwina wina afunsa kuti, nanga bwanji Okutobala amatentha kuposa Januwale, pamene mu Januwale dzuwa limakhalanso pamwamba? Paja mu ndakatulo ija tinati dzuwa labisala. M'dzinja mitambo imabweza gawo lina la kuwala, ndipo nthaka yonyowa imagwiritsa ntchito kutentha kwambiri pouma. Mu Okutobala kumwamba kumakhala mbee, nthaka ili gwa, kutentha konse kumathera mu mchenga ndi mpweya. Amene anayendapo wopanda nsapato pagombe la ku Chembe masana a mwezi umenewu akudziwa. Madzi amafuna ma joule pafupifupi 4,200 kuti kilogalamu imodzi itenthe ndi digiri imodzi, pamene mchenga umafuna pafupifupi 800 basi. N'chifukwa chake umathamangira m'madzi.

Mwera nawonso uli ndi fizikisi yake. Umachokera kummwera chakummawa m'miyezi ya chisanu, ndipo umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto kwa nyanja. Kuno kummwera madzi ozizira a pansi amakwera, atanyamula michere imene imadyetsa tizomera ting'onoting'ono ta m'madzi, chakudya cha nsomba. Mphepo imene imagoneka mabwato ndi yomweyo imene imathandiza kuti mbali ino ya nyanja ikhale ndi nsomba zambiri. Izi sindinamufotokozere mwana uja, ndinaona kuti zichuluka.

Ambiri a inu muli ndi ang'ono anu a Sitandade 1 kapena 2, ndipo kusukulu kwawo mphunzitsi mmodzi amakhala ndi ana ochuluka moti sangafike kwa aliyense. Simukufunika buku. Sankhani liwu limodzi, mv kapena ng' kapena ch, muyang'ane kunja kuti kukuchitika chiyani mwezi umenewo, mupeke mizere iwiri. Ikhale yoona: musalembe kuti mango apsa mu Juni, akusekani. Mulole mwanayo akukonzeni, ndipo alembe yekha mawu amodzi kapena awiri.

Pa Khirisimasi mlongo wanga ananditumizira chithunzi pa WhatsApp. Pa pepala la kope panali mzere umodzi wolembedwa ndi pensulo: "Mvula yagwa mvuu yasamba." Pansi pake panali funso lakuti kodi mvuu imamva kuzizira m'madzi. Yankho lake lidzakhala nkhani yathu ya sabata yamawa, tikadzakamba za mafuta a pansi pa khungu ndi mmene kutentha kumayendera.