Za Mpira wa Basketball, ndi Mlandu wa Kusinthanitsa Osewera

M'mabanja ambiri a kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje muli anyamata amene masiku ano atchula maina achilendo, monga Siakam, Leonard ndi Dončić, natsutsana za iwo kufikira nsima izizira m'mbale. Ena adzuka tambala asanalire kuti apenye pa foni, pakuti pamene dzuwa lilowa ku America kuno kuli pakati pa usiku. Ndipo makolo afunsa, nati, Kodi anthu amenewa ndi abale athu, kuti mwana adzisautse nao chotere? Ine ndiri mmodzi wa okonda mpira umenewu, ndipo ndifuna kukufotokozerani mlandu umene anawo akanganira, ndi kuikapo mau anga.

Mpirawu dzina lache ndi basketball. Anaupeka mphunzitsi wina, James Naismith, ku Springfield m'dziko la America, m'mwezi wa Disembala 1891, pofuna kuti ophunzira ache apeze chochita m'nyumba pa nyengo ya chisanu. Anapachika madengu awiri a zipatso m'mwamba, mapazi 10 kuchokera pansi, nauza anyamata aponyemo mpira. Ndipo ngakhale dengu lija linasanduka mkombero wachitsulo wokhala ndi ukonde, msinkhu wache uli womwewo. Asewera 5 mbali iyi ndi 5 mbali inayo. Mpira wa manja umene ana athu akazi asewera pa sukulu uli mphukira ya tsinde lomweli. Mpikisano woposa yonse ndiwo wa NBA, wa matimu 30, ndipo timu iri yonse isewera kokwana 82 isanafike nyengo yolimbirana chikho.

Tsono mlandu ndi uwu. Kumeneko wosewera alemba pangano ndi timu, la zaka zowerengeka, ndipo akuru a timu ali nayo mphamvu ya kupereka panganolo kwa timu ina, nalandira m'malo mwache wosewera wina, kapena ufulu wa kusankha mwa anyamata atsopano a chaka chamawa. Kawirikawiri mwini wache safunsidwa. Agona ali wa mudzi uno, nadzuka ali wa mudzi wina, kapena wakutali koposa kuchokera ku Nsanje kufika ku Karonga. Ndipo mkazi ndi ana ayamba kumanga akatundu. Ena ati nchimodzimodzi ndi malonda a ng'ombe ku Ngabu. Mau amenewa achuruka mkwiyo, pakuti ng'ombe silemba dzina lache pa kalata, ndiponso silandira kanthu. Koma munthuyo malipiro ache amtsata, ndipo pangano likatha ali mfulu kupita kumene afuna. Chinkana chotero, m'mauwo muli kanthu koona, ndipo tikaona m'nkhani ya ku Toronto.

DeMar DeRozan anasewera ku Toronto, m'dziko la Canada, zaka 9, kuyambira 2009. Osewera ena omveka sanakhalitse m'mudzi wozizirawo; koma iye, pangano lache litatha mu 2016, analemba lina osacheukira kwina. Timu inali kupambana bwino chaka ndi chaka, koma pofika pa nyengo ya chikho inagwa m'manja mwa LeBron James wa ku Cleveland, mu 2016, mu 2017, ndiponso mu 2018. Pamenepo mkuru wa timu, Masai Ujiri, amene anakulira ku Zaria m'dziko la Nigeria, anachita chinthu choumitsa thupi. Pa 18 Julayi 2018 anatumiza DeRozan ku San Antonio, natenga Kawhi Leonard, munthu amene m'nyengo yapitayo anasewera kokwana 9 kokha chifukwa cha kuvulala mwendo, ndiponso amene pangano lache linatsala ndi chaka chimodzi.

Taonani chimene chinatsata. Pa 12 Meyi 2019 Toronto inakomana ndi Philadelphia m'masewera achisanu ndi chiwiri, amene wogonja alongedza katundu. Nthawi iri kutha, onse ali ndi 90, Leonard anathamangira kungondya kwa bwalo, naponya mpira m'mwamba pamutu pa Joel Embiid, chiphona cha ku Cameroon. Mpira unagunda mkombero, nudumpha, nugundanso, kufikira kanai, anthu onse ali chete, nugwera m'kati. Embiid anaturuka m'bwalo ali kulira ngati mwana. M'mwezi wa Juni Toronto inagonjetsa Golden State 4 kwa 2, ndipo chikho chinaturuka m'dziko la America kwa nthawi yoyamba. Mwezi wotsatira Leonard ananyamuka kunka ku Los Angeles, kwao.

Anyamata ati, Mlandu watha, chikho chiri apo. Ndibvomera kuti pa nzeru ya mpira Ujiri anachita bwino, pakuti timu imene igwa katatu pa khwawa lomwelo iyenera kufuna njira ina. Koma ndikumbutsa ziwiri. Mpira uja ukadagwera kunja, Philadelphia nipambana pa nthawi yoonjezera, amene amtama lero akadamutcha munthu wosayamika. Ndiponso Golden State inamariza masewerawo yopanda Kevin Durant ndi Klay Thompson, onse atavulala. Mwai unathandiza nzeru. Chachiwiri, osewera onse anaona chimene chinagwera DeRozan, naphunzirapo. Chifukwa chache ine sindidzudzula wosewera amene achoka pangano lache litatha, ngakhale okonda timu atentha malaya ache pa mseu. Amene afuna kuti wosewera akhale wokhulupirika ngati mwana wa pakhomo, ayambe wafunsa ngati pakhomo patayidwa mwana chifukwa kwapezeka wina wamphamvu.

M'timu ija ya 2019 munali mnyamata amene ndimkonda koposa onse, ndiye Pascal Siakam. Anabadwira ku Douala, m'dziko la Cameroon, mu 1994. Akuru ache atatu anali osewera mpirawu, koma iye bambo wache anamtumiza ku seminale ya Andrea Woyera ku Bafia, ali wa zaka 11, poyembekeza kuti adzakhala wansembe. Mtima wa mwana sunali pamenepo. Anatsiriza maphunzirowo, koma mpira anayamba kuusewera ndi mtima wonse ali wamkuru kale, wa zaka ngati 17, msinkhu umene anzache a ku America atha zaka 10 pa bwalo. Mu 2012 anaonekera pa msasa wa achinyamata ku South Africa, napita ku America, nalowa sukulu yaikuru ya New Mexico State. M'mwezi wa Okutobala 2014 bambo wache anamwalira pa ngozi ya galimoto, ndipo iye sanathe kukaika maliro, pakuti makalata ache a ulendo sanali okonzeka, ndipo akadaturuka sakadabwerera. Inu amene muli ndi ana ku Joni mudziwa kuwawa kwache kwa chinthu chotere. Pa malaya ache anasankha nambala 43: 4 ndiye bambo ndi akuru ache atatu, 3 ndiye mai ndi alongo ache awiri.

Toronto inamsankha mu 2016, atasankhidwa kale anyamata 26. Pa masewera oyamba olimbirana chikho ndi Golden State anaponya kokwana 17, nalowetsa 14, napeza mapointi 32. Kasewedwe kache sikokongola monga ka ena; athamanga ngati wothawa njuchi, nazungulira ndi mpira pafupi ndi mkombero kufikira womlonda asokonezeka. Koma satopa, ndipo sadandaula akapatsidwa ntchito yonyozeka.

Ndipo Ujiri yemweyo anamsinthanitsa iyenso, m'mwezi wa Januwale 2024, namtumiza ku Indiana, nalandira osewera atatu ndi ufulu wa kusankha katatu. Apa ndinena poyera kuti Toronto inagulitsa chimanga chiri chachiwisi m'munda. Indiana inampatsa pangano la zaka 4 la madola oposa 189 miliyoni, ndipo mu 2025 anaitsogolera kugonjetsa New York, nalandira mphoto ya wosewera woposa onse m'masewerawo. Analimbana ndi Oklahoma City kufikira masewera achisanu ndi chiwiri, pa 22 Juni, pamene mnzache Tyrese Haliburton anaduka mtsempha wa kuchitendene masewera atangoyamba, ndipo chikho chinawapulumuka. Masiku owerengeka pambuyo pache Ujiri naye anachotsedwa ntchito ku Toronto.

Za Luka Dončić sinditalikitsa, pakuti palibe chotsutsana. Mnyamata wa ku Slovenia, wa zaka 25, amene anafikitsa Dallas pa masewera otsiriza a chikho mu 2024, anaperekedwa usiku kwa Los Angeles Lakers kumayambiriro a Febuluwale 2025, iye osadziwa kanthu. Ndipo Dallas inalandira Anthony Davis, wosewera wabwino ndithu, koma womposa zaka 6 ndi wovulalavulala. Davis anavulala pa masewera ache oyamba. Anthu a ku Dallas ananyamula bokosi la maliro kunka nalo ku bwalo, ndipo m'mwezi wa Novembala chaka chomwecho mkuru amene anachita zimenezi, Nico Harrison, anachotsedwa. Ujiri anataya munthu wokhulupirika napata chikho. Uyu anataya ng'ombe yamkaka natsala ndi chingwe.

Pali chimodzi chimene ndidandaula nacho pa anyamata athu: adziwa za Dallas ndi Indiana, koma za pafupi sazifunsa. Mu 2021 ku Kigali kunayamba mpikisano wa matimu a mu Afrika, wochedwa BAL, umene NBA yomweyo inathandiza kuukhazika. Chikho choyamba anatenga Zamalek a ku Egypt, ndipo mu 2024 chinadza kumwera kuno ndi Petro de Luanda a ku Angola. M'mpikisanowo, mu 2022 ndi mu 2023, munasewera Ferroviário da Beira. Dzinalo m'Chipwitikizi linena anthu a njanji, ndiyo njanji yomwe ija imene agogo athu anakwera pa Port Herald, naoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana kuyambira 1935, kunka kunyanja yamchere. Mu 2023 anafika m'gulu la matimu 8 otsala ku Kigali, nagonja kwa AS Douanes a ku Dakar. Ku Beira Chisena chimveka m'misika monga chimveka pa Nsanje. Ngati munthu wa m'chigwa muno afuna timu yoitcha yakwao, sindiona chifukwa cholumphira iyi ndi kukagwa ku Texas.

Timu ya Malawi inali isanalowe m'BAL kufikira 2025, koma Bravehearts a ku Lilongwe anafika ku Nairobi kumapeto a 2024, pa masewera otsiriza osankhira olowamo. Mpirawu sufuna dambo lalikuru monga wa miyendo. Ufuna malo osalala, otalika mamita 28 ndi otambalala 15, ouma kuti mpira udumphe, ndi mikombero iwiri pa msinkhu wa mapazi 10. Ndipo pokhala anthu ochepa, mkombero umodzi ukwanira atatu mbali iyi ndi atatu mbali inayo, kasewedwe kamene kanalowa m'masewera a Olympic ku Tokyo mu 2021. Wosula zitsulo wa pa Nchalo kapena pa Bangula akhoza kupinda mkomberowo tsiku limodzi, mkati mwache mainchesi 18. Chovuta kuno ndi dzuwa: m'mwezi wa Okutobala simenti itentha mapazi kufikira madzulo, ndipo asewere dzuwa litapendeka, mbuzi zitalowa m'khola.