Dzanja likamanjenjemera munthu asanakalambe

Kuno ku Mangochi, bambo wa zaka 35 akayamba kunjenjemera dzanja, anthu amathamangira kunena kuti ndi kachasu, ena amati amulodza. Ine ndikuti tiganizirenso matenda a Parkinson, omwe dokotala wa ku London, James Parkinson, anawafotokoza mu 1817.

Ambiri timaganiza kuti ndi matenda a agogo, koma amagwiranso anthu osakwana zaka 50. Katswiri wa mafilimu Michael J. Fox anamupeza nawo ali ndi zaka 29, wankhonya Muhammad Ali ali ndi zaka 42.

Gwero lake lili mu ubongo. Maselo opanga dopamine, yomwe imathandiza thupi kuyenda momasuka, amafa pang'onopang'ono. Kawirikawiri vutoli limayambira mbali imodzi. Dzanja limanjenjemera likangokhala, koma likagwira chinthu limadekhako. Msodzi wa ku Makanjira yemwe ankasoka ukonde mwachangu amayamba kuchedwa pa mfundo iliyonse. Mayi woyanika usipa ku Msaka amamva phewa kuuma, ndipo poyenda mkono umodzi sugwedezeka. Polemba zilembo zimachepa, polankhula mawu amatsika.

Matendawa sapatsirana. Mankhwala ochiziratu palibe, koma levodopa ndi masewera olimbitsa thupi zimathandiza munthu kugwirabe ntchito zaka zambiri. Kunjenjemera kwina kumabwera ndi chithokomiro kapena mankhwala ena, n'chifukwa chake kuyezetsa n'kofunika. Yambirani kuchipatala chapafupi kapena cha boma ku Mangochi. Pakafunika akatswiri, adzakutumizani ku Zomba kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Abale anga, wotere tisamuseke, tisamuchotse ntchito. Timuperekeze kuchipatala msanga.